Chotsala cha Chigumu cha Afisi

Padangokhala, kale mipeni isanadziwane ndi dzimbiri, panali Nafisi, mayi wa mbumba yonse ya afisi. Nafisi sankafuna kutchedwa fisi wamba. Ankati banja lake ndi lolemekezeka, lodya ndi mwambo, ndipo pa chakudya chilichonse pankayamba chigumu, nyama n'kubwera pambuyo.

Mwambowo unabwera ndi maliro. Mwamuna wa Nafisi anafa pa ndewu yolimbirana nyenyeswa imodzi ya chigumu, ndipo asanatsirizike anasiya lamulo lakuti pasapezeke fisi woika kanthu m'kamwa chigumu chisanagawidwe mofanana mpaka nyenyeswa yomaliza. Wophwanya lamulolo, mzimu wa malemuwo udzamukwera pamsana osatsikanso. Afisi ankauopa mzimu umenewo kuposa mkango.

Wogawa anali Nyani, kapitawo wa mpeni. Nyani ankadziwa kuwerenga, koma kuwerenga kwake kunkathera pa zala zake. Chilichonse ankachidula pakhumi. Chikatsala chidutswa, ankachidulanso pakhumi. Zikatsala zitatu, chilichonse pakhumi. Wina akamufunsa chifukwa chake, ankatambasula manja n'kunena kuti, "Chala cha khumi ndi chimodzi mwachiona pati?"

Tsiku lina m'mawa afisi anagwira Gologolo akufukula mtedza m'munda mwawo. Anamuponya m'khola momwe munali kale Tambala ndi Nkhanga.

"Amayi, ndikhululukireni," anatero Gologolo. "Ndasiya ana atatu m'phako, sanasiye bere."

"Woyamwitsa amakhala wofewa," anayankha Nafisi. "Mawa kukubwera abale. Udzakhala ndiwo za alendo."

Masana kunadya afisi asanu. Nyani anadula chigumu pakhumi, aliyense analandira ziwiri, osatsala kanthu. Tambala anali atangoyamba kuti, "Mabwana anga, ndisanafe ndimati..." Zimene amati anene palibe anazimva.

Madzulo kunadya afisi awiri okha, poti ena anali atapita kukachingamira alendo. Nyani anadula pakhumi, aliyense zisanu, osatsala kanthu. Nkhanga sanapeze ndi mpata womwe wotsegula mlomo.

Gologolo ankaona zonsezi pa mng'alu wa khola. Anakumbukira kunyumba kwake. Akabenthula chinangwa pakhumi kuti agawire ana ake atatu, aliyense ankatenga zitatu, chimodzi n'kutsala. Akachibenthulanso, chimodzi n'kutsalanso. Chotsalacho ndicho chinali chakudya chake. Apa anazindikira kuti khumi lili ndi abale ake, ndipo lili ndi alendo. Khumi ndi zisanu ziwiri. Odya akakhala awiri kapena asanu, khumi limawadziwa, limagawika n'kutha. Koma atatu siliwadziwa.

Kutacha afisi anasonkhana, ndipo Gologolo anawawerenga. Anali asanu ndi atatu. Anatola makoko a mtedza m'kholamo n'kuyesa. Khumi kwa asanu ndi atatu, zitsala ziwiri. Ziwirizo zikadulidwa ndi makumi awiri, zitsala zinayi. Zinayizo ndi makumi anayi, aliyense zisanu, basi kwatha.

"Mipeni itatu yokha," ananong'ona. "Awa ndi awiriawiri okhaokha, adzukulu ake a khumi."

Anachotsa khoko limodzi kuti odya akhale asanu ndi awiri. Anayesa khumi, silinathe. Anayesa makumi awiri, atatu, anayi, asanu, mpaka asanu ndi limodzi, ndipo paliponse pankatsala kanthu. Kupitirira pamenepo kunalibe, chifukwa zotsala zikafika zisanu ndi ziwiri ndiye kuti aliyense alandiranso chimodzi. Gologolo anakankhira makoko aja pakona, n'kuyamba kuyang'ana fisi woti achotsedwe.

Sanavutike. Pafupi ndi Nafisi, bondo kugunda bondo, panakhala Dyeratu, mwamuna wa Nankhuli mwana wake wa Nafisi. Dovu linali litanyowetsa kale chifuwa chake.

Nyani atangonola mpeni, Gologolo anaphulika kuseka.

"Ukuseka chiyani, ndiwo iwe?" anafunsa Nafisi.

"Palibe, amayi. Ndimangoganiza zimene akanene a Njovu akamva."

"Akamva chiyani?"

"Kuti kubanja lolemekezeka lija, mkamwini amadyera mphasa imodzi ndi apongozi ake. Ife agologolo ndife osauka, koma zimenezo ayi."

Alendo anayang'ana pansi. Wina anatsokomola. Nafisi anatembenuka ngati akumuona Dyeratu koyamba.

"Iwe! Wakuika apa ndani?"

"Amayi, chaka chonse chino ndakhala ndikudyera pompano."

"Tamumvani, akuwonjezanso manyazi! Kuseri kwa nkhokwe, msanga!"

Dyeratu anadzuka akucheukira chigumu, n'kupita.

Nyani anawerenga otsala ndi zala, n'kukanda m'mutu. "Amayi, chiwerengero ichi sindinagawepo."

"A Nyani, musadzichepetse," anatero Gologolo. "Dzulo masana anali angati?"

"Asanu."

"Zinatha?"

"Mpeni umodzi."

"Nanga madzulo?"

"Awiri. Mpeni umodzinso."

"Lero alipo angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Ndiye mukuopa chiyani? Dzina lomwe likukuuzani. Asanu aja ndi awiri aja angobwera limodzi."

Nyani anaseka mpaka mano onse kuonekera. "Zoonadi! Asanu, ndi awiri! Izi zitha ndisanatsitse mkono."

Nafisi anamuyang'ana Gologolo ndi diso la m'mbali. "Nanga iwe ukufulumizitsiranji imfa yako?"

"Kudikira kumawawa kuposa mano, amayi. Mungondilola ndiyimbire mpeni kuti uyende bwino."

Anamulola. Nyimbo ya Gologolo inali ya mpeni wopita kukacheza. Mpeniwo unkagogoda khomo lililonse kufunsa ngati ana onse akhuta, ndipo khomo lililonse unkapeza ena atakhala panja, manja ali m'masaya. Woyambitsa ankafunsa kuti atsala angati, ovomera n'kutchula chiwerengero cha zotsala, akuomba m'manja kawiri. Afisi amakonda kuvomera nyimbo kuposa kuganiza, ndiye anailandira ndi mtima wonse.

Nyani anadula pakhumi. Aliyense chimodzi, zinatsala zitatu. Afisi anavomera zitatu.

Anadula zitatuzo kukhala makumi atatu. Aliyense zinayi, zinatsala ziwiri. Afisi anavomera ziwiri.

"Mwaona? Zikuchepa," anatero Nyani.

Anadula ziwirizo. Aliyense ziwiri, zinatsala zisanu ndi chimodzi.

"Zikuchepa chokwera?" anafunsa mkulu wina wa mano atatu, malume ake a Nafisi.

"Mpeni ukutenga mphamvu, agogo," anatero Gologolo. "Wodumpha mtsinje amayamba wabwerera m'mbuyo."

Nyani anasiya mpeni n'kutenga lumo. Aliyense zisanu ndi zitatu, zinatsala zinayi. Anadulanso. Aliyense zisanu, zinatsala zisanu.

"Zisanu!" anakuwa Nyani. "Zisanu ndimazidziwa ine. Zimatha!"

Sizinathe. Aliyense analandira zisanu ndi ziwiri, n'kutsala kamodzi, kakang'ono ngati dzira la nsabwe.

"Kamodzi kokha!" Afisi anaimirira, michira m'mwamba. Wina anayamba kale kumasula chitseko cha khola.

Nyani anatenga munga, n'kukadula pakhumi. Aliyense kamodzi. Anawerenga totsala, anabwerezanso, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Tatsala titatu."

Afisi anavomera titatu. Kenako tiwiri. Kenako tisanu ndi kamodzi. Anaomba m'manja, anavina atakhala pansi, mpaka Nankhuli analeka pakati pa nyimbo.

"Amayi, apa tinayimbapo kale."

"Nyimbo yabwino imabwerezedwa, achemwali," anatero Gologolo.

Anapitiriza. Tinayi, tisanu, kamodzi. Dzuwa linafika paliwombo. Patsogolo pa fisi aliyense panali mulu wa chigumu, zidutswa zazikulu pansi, tinyenyeswa pamwamba, fungo la nthochi likulowa m'mphuno, koma panalibe wolimba mtima kunyambita. Mimba zinkalira kuposa ovomera. Kuseri kwa nkhokwe Dyeratu anafuula kuti, "Kodi mwandisungirako?"

"Chete, wopanda mwambo!" anakalipa Nafisi. Kenako anayang'ana bwalo lonse. "Vuto ndaliona. Tachuluka. Malume, inu mano akutherani, kapumuleni."

"Ine amene ndinakusenza pamsana uli khanda?"

"Kapumuleni, ndatero. Mulu wanu tiuvundikira ndi tsamba."

Mkuluyo anachoka akung'ung'udza. Anatsala asanu ndi mmodzi. Gologolo atawaika afisiwo m'magulu m'mutu mwake anapeza atatu uku, atatu uku. Ana ake aja anali momwemo, kawiri. Anagwetsa nkhope kuti asaoneke kuti wakondwa.

"Mwandipha, amayi," anadandaula. "Nzeru zanu n'zoopsa."

Nyani anadula kamodzi kaja. Aliyense kamodzi, tinatsala tinayi. Anadula tinayito kukhala makumi anayi. Aliyense tisanu ndi kamodzi, tinatsala tinayi. Anadulanso. Tinatsala tinayi.

Nyimbo tsopano inasanduka ya khomo limodzi. Mpeni unkatuluka, n'kulowanso pomwepo, n'kupeza ana anayi omwe aja. Poyamba afisi anakondwa kuti yafewa, yosafuna kukumbukira. Koma atavomera tinayi mpaka pakhosi kuuma, manja analeka kuomba, ndipo wina ankangovomera ndi kuyasamula.

"Bola ija ya poyamba inkayendako," anatero mlendo wina. "Iyi yangokhala ngati mbuzi yapachingwe."

Nafisi anatembenukira kwa Nyani. Njala imanola nzeru ngakhale za fisi.

"Nyani, dzulo masana tinali angati?"

"Asanu, amayi."

"Asanu okha, opanda mchira kumbuyo kwake?"

"Okhaokha."

"Ndiye mchirawo ndi umene ukutizunza." Analoza mlendo woyasamula uja. "Iwe, katsatire malume."

Anatsala asanu.

Gologolo anawerenga msanga m'mutu. Tinayi tikadulidwa ndi makumi anayi, kwa asanu ndi tisanu ndi titatu aliyense, osatsala ndi fumbi lomwe. Nyani anali atawerama kale ndi munga wake. Mawere a Gologolo anali atadzaza mpaka kuwawa, ndipo anadziwa kuti kuphako ana akulira. Anayang'ana afisi mmodzimmodzi. Wochotsa panalibenso phindu, chifukwa anayi nawonso ndi abale a khumi. Pankafunika wowonjezera.

Maso ake anaima pa Nankhuli. Chiyambire m'mawa Nankhuli ankangolavula malovu pambali. Fungo la chigumu likamufika ankatembenuza mphuno. Ndipo pansi pa mwendo wake anali atabisa chibuma cha dothi la pachulu, ankangochiyang'ana ngati nyama yonona.

"Imani, a Nyani!" anakuwa Gologolo. "Mukufuna mzimu wa malemu ukukwereni? Mukumana munthu gawo lake!"

"Ndani?" anafunsa Nafisi. "Tilipo asanu."

"Amayi, inu mwabereka, ine ndabereka. Tisanamizane. Tayang'anani mwana wanuyo. Malovu amenewo ndi a njala? Nanga dothi ali nalo pansi pa mwendolo akufuna kumangira nyumba?"

Nankhuli anaphimba nkhope ndi manja. "Amayi, ndimati ndikuuzeni mwezi ukaoneka."

Nafisi anaiwala njala. Anaimba nthungululu mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. "Mdzukulu! Dyeratu, chitsiru iwe, wagwirako ntchito!"

"Ndibwere, amayi?" anafunsa Dyeratu kuseri kuja.

"Khala komweko!"

"Ndiye a Nyani muwerenge bwino," anatero Gologolo. "Wapakati amadyera awiri. Malemu anati mofanana, sanati obadwa okha."

"N'zoona," anavomera Nafisi. "Komatu kwathu kuno sitibereka mmodzi. Ine ndinayamba ndi atatu. Nyani, ika milu itatu."

Gologolo anatsala pang'ono kumeza lilime. Asanu ndi atatu, adzukulu a khumi aja, zikanathera pa mpeni umodzi!

"Atatu m'kamimba aka? Amayi, musachititse mwana mantha. Ine ndasenzapo atatu, ndinkayenda ngati dzungu lamera miyendo. Iyi yasongoka kutsogolo, ndi mmodzi, ndipo wafanana ndi agogo ake."

"Wafanana ndi ine?"

"Mphuno yomweyo."

"Ika mulu umodzi, Nyani," anatero Nafisi akudzigwira mphuno.

Anakhalanso asanu ndi mmodzi. Nyani anadula. Tinatsala tinayi.

Apa afisi sanavomere. Nyani anadulanso, maso akutuluka misozi, mphuno itagunda pansi. Munga unali utakula kuposa chodulidwa. Anazula ndevu imodzi ya Nafisi n'kuyesa kudulira, koma sizinathandize.

"Amayi, sindikutionanso. Ndikudziwa kuti tilipo tinayi, koma maso akana."

"Ndiye tidye!" anatero fisi wina.

"Idya, akukwere malemu," anayankha mnzake. Onse anakhudza misana yawo.

"Ine maso anga ndi ang'ono, amaona zazing'ono," anatero Gologolo. "Mano anganso ndi opyapyala kuposa ndevu. Koma ndani angakhulupirire ndiwo?"

Nafisi anaganiza. "Mutulutseni. Nankhuli, gwira mchira wakewo, usautaye."

Gologolo anatuluka, anatola tinthu tinayi tija ndi nsonga za zala, n'kutiika pafupi ndi kamwa. Kenako anakwinya nkhope.

"Mukupuma kwambiri, mabwana. Mpweya wanu utiulutsa, ndipo tikatayika simudzadyanso mpaka kale. Mithunzi yanunso ikunditchinga. Ndikwere pa chitsa icho."

Chitsacho chinali patsinde pa mtengo. Anakwera, Nankhuli atagwira mchira ndi manja onse awiri. Gologolo anacheuka, n'kumunong'oneza mokoma ngati mnzake wa pamtondo.

"Achemwali, anamkungwi sanakulangizeni? Wapakati sagwira mchira wa gologolo. Mwana amabadwa ndi mchira ngati wangawu, woimirira, wofika pamutu."

"Mayo!" Nankhuli anataya mchira n'kupukuta manja pa udzu.

Pamene Nafisi amati adumphe, Gologolo anali kale pa nthambi yachitatu.

"Wakuba iwe! Tsika!"

"Sindikuthawa, amayi, ndikugawa. Kuno ndiye kukuwala bwino." Anakhala tsonga, manja awiri pakamwa, mano akugwira ntchito. "Taonani, ndadula. Aliyense tisanu ndi kamodzi. Nditsitsa pamodzi ndikamaliza."

"Tatsala tingati?" anafunsa Nyani, poti ntchito inali idakali yake.

"Tinayi!"

Anadumphira mtengo wina. "Tinayi!" Anadumphiranso wina, mawu akuchepa. "Tinayi!"

Anafika kuphako dzuwa litapendeka. Ana anamugwera pachifuwa onse atatu nthawi imodzi, ndipo pamenepo panalibe chodula kapena chotsala.

Afisi anakhala pomwepo. Kudya ankaopa mzimu, kuchoka ankaopa kuti mnzawo adya. Ananyonyomala mozungulira milu yawo, mitu m'mwamba, kudikira kuti Gologolo atsike ndi gawo lomaliza. Nyerere zinabwera n'kututa chigumu chonse, ndipo izo sizinawerenge.

"Nyani," anatero Nafisi tsiku lachitatu, "paja unati asanu ndi awiri zitha usanatsitse mkono."

Nyani anali atakwera kale pathanthwe. "Dzina ndi limene linandinamiza, amayi!"

N'chifukwa chake miyendo yakumbuyo ya fisi ndi yaifupi. Inapindika ndi kunyonyomala kuja, ndipo sinawongokenso. Nayenso gologolo mpaka lero mukamuona pa nthambi amakhala tsonga, kanthu kali m'manja, mano akudula msangamsanga. Akakuonani amaleka, n'kukalipa mawu amodzi omwewo mobwereza, kenako n'kupitiriza. Ana a sukulu akamagawa chimodzi kwa asanu ndi awiri n'kuona manambala omwewo akubwerabwera mpaka tsamba kudzaza, asamati alakwitsa. Alowa m'nyimbo ya mpeni ija.

Nthano yathera pano. Ngati pali chotsala, kafunseni Gologolo, akudulabe.